Magazi a Mtundu Wosowa

Mkulu wa ku labu ya chipatala anamubaya chala mtsikanayo, nafinyira kadontho pagalasi, kenaka anapukusa mutu.

"Anu ndi abwino, chemwali, koma ndi wamba. Otere adzaza firiji. Mng'ono wanuyo ali ndi mtundu wosowa. Tikamuika anuwa thupi lake liwakana, tingomufulumizitsa ulendo."

"Ndiye kayang'aneninso mufirijimo."

"Ndayang'ana. Ndaimbanso kunkhokwe yaikulu ya magazi. Kulibe."

"Mwayang'ana ndi maso kapena ndi pakamwa?"

Mkuluyo sanakwiye. Anamupatsa kathonje koti atseke pachalapo. "Pezani wachibale. Magazi otere amayenda m'mtundu."

Mtsikanayo anzake a pamsewu, pamene ankakonzera mafoni m'kakontena, anamutcha Tsabola chifukwa pakamwa pake sipankadziwa kuzizira. Sukulu anaisiyira panjira. Mafoni anaphunzira yekha, pophwasula akufa mpaka ena anayamba kudzuka, ndipo ankakhulupirira kuti chilichonse chozima chili ndi waya umodzi woduka, ukaupeza basi chayaka. M'mawa umenewo chimene chinkazima anali mng'ono wake Mzime, ndipo wayayo Tsabola ankaudziwa. Anali bambo awo.

Tauni yonse inkadziwa za magazi a bambowo. Ntchito yawo inali yodinda matisheti, koma anthu ankawatchula a Tcheya, poti panalibe komiti imene ankalowa n'kukhala kumbuyo. Chipatala chikasowa mtundu wosowawo chinkawaimbira, iwo n'kusiya penti, kukapinda mkono. Pabalaza panali chithunzi chawo atagona pabedi la ku labu, akumwetulira, chala chachikulu m'mwamba. Mlendo asanapatsidwe n'komwe madzi ankayamba wamva kuti, "Magazi angawa si anga, ndi a Mulungu. Ine ndimangosunga."

Masiku amenewo kunyumba ya malamulo ankakangana za lamulo loti mkazi wogwiriridwa azitha kuchotsa mimba kuchipatala. A Tcheya ndiwo ankatsogolera okana, ndipo zionetsero zawo zinali tsiku lomwelo masana. Makina awo anali atadinda milumilu ya matisheti oyera a malembo ofiira: MOYO NDI MPHATSO. Amene ankawapinda n'kuwalongedza m'makatoni anali Mzime, ali ndi mimba ya bwana wake.

Mzime ankagwira ntchito m'sitolo ya matailosi ndi mipope. Bwanayo anamutuma kuchipinda chosungira katundu, namutsatira, natseka chitseko. Mzime anauza Tsabola yekha, ndipo Tsabola anamugwira dzanja mpaka kuchipatala chomwechi. Nesi wamkulu wa wodi ya amayi anamvetsera nkhani yonse akutembenuza cholembera m'manja.

"Lamulo limatilola pokhapokha moyo wa mayi uli pachiswe. Iweyo ukuyenda wekha, ukupuma bwino. Suli pachiswe."

"Ndiye abwere akayamba kufa?" anafunsa Tsabola.

"Ine sindinanene choncho."

"Mwanena. Mwangozipaka mafuta."

Zitakanika kumeneko, Azakhali, mlongo wawo wa a Tcheya, amene ankachapa ndi kusita zovala za anthu, anamutengera Mzime kwa bambo wina wa kuseri kwa msika. Bamboyo anali ndi magolovesi ndi jekete yoyera. Zina zonse analibe. Mzime anabisa ululu mpaka m'mawa uja pamene amayi awo anamupeza pansi m'bafa, simenti yonse itafiira.

Tsopano anagona pabedi la kumapeto, pafupi ndi khomo la chimbudzi, kumene wodiyo inkagoneka amene ankati adzichita okha. Milomo yake inali ngati pepala. Dokotala anali atamutsuka, kutayako kunachepa, koma anati mtima ukupopa madzi okhaokha ndipo utopa dzuwa lisanalowe. Nesi wamkulu uja anamuzindikira Tsabola, nati, "Mwabweranso? Lero ndiye lamulo latilola."

Tsabola anameza mawu amene anafika pakhosi. Akanawalavula, Mzime akanakhala womaliza kusinthidwa dripi.

Anatuluka pakhonde n'kuimbira Azakhali.

"Azakhali, zaipa. Akufuna magazi a mtundu wa Ababa, ndipo Ababa akabwera afuna dzina. Thawani. Kwerani basi iliyonse."

"Mwanayo ali bwanji? Koma iwe, magaziwo..."

"Musafunse zambiri. Pitani!"

Anadula. Foni inalira, Azakhali omwewo. Anadulanso. Ankadziwa mmene apolisi amawerengera foni ya munthu, poti ena mwa iwo ankabwera kukontena kwake kuti awatsegulire mafoni olanda. Anafufuta mauthenga onse, nafufuta nambala, naitsekera kuti isalowenso. Anadziona wochenjera.

Kenaka anaimbira amayi a bungwe lina limene linkalankhula pawailesi kuti lamulo lisinthe. Woyankhayo anali ndi mawu ofewa. Anati pepani kwambiri, anati atumiza loya, anafunsa ngati banja lingalole kuti nkhaniyi aikambe pawailesi madzulo, dzina abisa.

"Magazi muli nawo?"

"Ife timathandiza mbali ya malamulo, chemwali."

"Ndiye mudzamuike loyayo mumtsempha."

Wotsala anali mmodzi. Anaimbira bambo ake.

A Tcheya anafika akuchokera kubwalo kumene anthu awo ankasonkhana. Wezulo inali pakhosi. Tisheti yoyera ija anaivala pamwamba pa malaya a manja aatali, mabatani otseka mpaka m'mikono, kunja kukutentha chotere. Anaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo, ngati wabwera kudzaona katundu woonongeka. Amayi, amene anakhala pansi atafunda nsalu kumutu, anasuntha kuwapatsa malo ngakhale malo analipo.

"Ababa," anatero Mzime. Mawuwo anangotuluka mphepo.

Iwo anatembenukira kwa Tsabola. "Iwe unkadziwa."

"Ndinkadziwa. Mudzandimenya mawa. Lero tiyeni ku labu."

"Ndipita."

Tsabola anadabwa. Anali atanola lilime lake m'mawa wonse.

"Ndipita," anabwereza a Tcheya. "Mwana ndi wanga. Koma madzi abwino sathira mumtsuko wakuda. Atsuke kaye. Alape. Anene chimene wachita, anene amene anamutengera kumeneko. Pakamera, kuti atsikana ena aone kumene njirayi imathera."

"Akufa, Ababa."

"Ndiye afulumire."

"Nanga dzina la bwana wake simukulifuna? Amene anamutsekera m'chipinda?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Eya, ya amuna nthawi zonse imakhala nkhani ina. Kapena n'chifukwa choti lole imene yanyamula zokuzira mawu zanu ndi yake?"

"Iwe!" anatero amayi pansi pa nsalu. "Anthu akumva."

Anthu ankamvadi. Mayi wa bedi loyandikana, amene anapita padera dzulo lake, anadzutsa mutu. "Bambo inu, mwana mwabereka nokha ameneyu?"

"Mayi, gonani. Za m'nyumba ya eni saphikira ndiwo."

Anatulutsa foni yawo. Tsabola anaitchinga ndi dzanja. "Ndijambula ine, ndi yanga. Kanemayo ndikupatsani tikafika ku labu." Ankaganiza kuti singano ikangolowa, kanemayo amufufuta, iwo adzatukwane mpaka atope.

A Tcheya anamwetulira pang'ono. "Chabwino, injiniya."

Anakoka katani kuti kuwala kugwe pankhope ya Mzime. Amayi anadzuka ndi kansalu konyowa kuti amupukute milomo.

"Musamupukute, mayi. Aoneke mmene alili."

Anatulutsa tisheti yopinda m'chikwama, imodzi mwa zimene Mzime anapinda yekha, naiyala pachifuwa pake, nawongola malembo ndi chikhatho. Nesi wamkulu anadutsa ndi thireyi, nayang'ana, nati, "Musachedwe, pano si situdiyo."

Mzime ananena zonse zimene anauzidwa. Anati ndachimwa. Anati ndapha. Anati atsikana anzanga musatengere ine. Atafika pa dzina anatseka pakamwa, misozi ikutsikira m'makutu.

"Achemwali," ananong'ona, "Azakhali ayi."

Tsabola anaimitsa kamera, nawerama mpaka milomo yake inakhudza khutu la mng'ono wake. "Athawa kale. Ndawauza ndekha, pano ali m'basi. Dzina si munthu, Mzime. Apatse dzinalo, iwe utenge magazi."

"Anandisambitsa, achemwali. Anandichapira nsalu zonse kuti Amayi asaone."

"Ndikudziwa. Nena."

Anamugwira pamkono, pafupi ndi dripi, namufinya mpaka Mzime ananena.

"Sakumveka," anatero a Tcheya. "Abwerezenso. Anenenso kumene amakhala."

Anabwereza. Mayi wa bedi loyandikana anatembenukira kukhoma.

Njira ya ku labu inkadutsa pakhonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera. Tsabola ankayenda patsogolo, kutembenuka kawirikawiri ngati wokoka mbuzi yokana chingwe. A Tcheya sankafulumira. Ankapereka moni kwa alonda, kwa okankha machira, kwa aliyense wowatchula. Atafika pachitseko cha labu anaima.

"Tumiza."

"Mukagona pabedi."

"Ndakuona ukukula, iwe. Ndikagona pabedi ufufuta. Tumiza pano, apo ayi ndikubwerera kubwalo, anthu akundidikira."

Tsiku ndi tsiku Tsabola ankauza makasitomala ake, makamaka atsikana obwera akulira, kuti chinthu chikalowa m'foni ya munthu wina ndi madzi otayika, saoleka. Anayang'ana chitseko, nayang'ana bambo ake. Anadina. Foni ya a Tcheya inalira m'thumba. Anaitulutsa, chala chawo chinayenda kawiri katatu, ndipo Tsabola anamva kaphokoso kaja ka uthenga wotuluka.

"Mwatumiza kuti?"

"Kukomiti. Tiye."

Mkulu wa ku labu atawaona anaimirira, nkhope yonse mano. "A Tcheya! Mwabwera kudzationa?"

"Ndabwera kudzapereka. Mwana wa kuwodi ya amayi uja ndi wanga."

Kumwetulira kuja kunazima. "Kupereka? Bwana, si sabata yatha yomweyi tinakuchotsani thumba kutchalitchi kwanu, patsiku lija munakonza nokha la Moyo ndi Mphatso?"

Anawagwira mkono, namasula batani, napinda malaya. Popindikira mkono panali chipsera cha singano, chozunguliridwa ndi kachikasu kozilala.

"Miyezi itatu, bwana. Mukudziwa kuposa ine, ndinu mumaphunzitsa ena."

"Achotseni basi!" anakuwa Tsabola. "Akomoke, agwe, zilibe kanthu. Achotseni!"

Mkuluyo anawabaya chala kuti mtsikanayo aone yekha, nawamanga lamba woyezera pamkono. Anapukusa mutu. "Magazi sanabwerere. Ndi msinkhu wawo, ndi kuthamanga kwa magazi kumene ndikuonaku, ndikawachotsa ndigoneka awiri. Sindingathe."

"Nanga thumba la sabata yathalo?"

"Linapita kwa dalaivala wina wa ngozi. Tsiku lomwelo."

A Tcheya anatsitsa malaya, namanga batani mosafulumira. "Mwaona nokha. Ndabwera, andikana. Zotsalazo ndi za Mulungu."

Tsabola anayang'ana batanilo. Kutentha konseku, anthu onse a kubwalo ali mikono pamtunda, iwo malaya otseka.

"Munkadziwa."

"Chimene ndinkadziwa n'chakuti mwana wanga asafe asanalape. Thupi ndi dothi. Ine ndamupulumutsa kumene kuli kofunika. Udzamvetsa ukadzakula."

Pathebulo panali thireyi yachitsulo ya timabotolo. Tsabola anali ataigwira kale, ataikweza, pamene kuseri kwa katani yobiriwira kunamveka mawu.

"Achimwene, simunasinthe."

Katani inasuntha. Azakhali anali atakhala pabedi la opereka magazi, atavala epuloni yawo ya kuntchito, manja oyera ndi sopo, kajumbo ka zovala pamiyendo. Pachala panali kathonje.

"Ndimafuna ndikuuzeni," anatero mkulu wa ku labu. "Mayi awa abwera posachedwapa. Ndawayeza. Ndi mtundu womwewo."

Thireyi inatsika yokha. "Azakhali, ndinati muthawe."

"Ndinafika pasiteji. Basi inalipo, mpando unalipo. Ndakuimbira mpaka chala kuwawa, foni yako ikungonditaya." Anayang'ana mlongo wawo. "Magaziwa ndi a mayi athu, achimwene, si anu nokha. Mwaiwala kuti pamene ndinkabereka mwana wanga uja anamwalirayu munagona pabedi ngati lino kundipatsa ine? Kapena tsiku limenelo kunalibe wojambula?"

A Tcheya anayang'ana mlongo wawo monga munthu amayang'anira banga la penti pansalu ya kasitomala. Kenaka anatuluka. Pageti la chipatala panali kaofesi ka apolisi, ndipo Tsabola anamva nsapato zawo zikufulumira koyamba tsiku limenelo.

"Abayeni," anatero kwa mkulu wa ku labu. "Pompano."

"Kodi chikuchitika n'chiyani?"

"Abayeni, mudzamva pawailesi!"

Anakhoma chitseko, nakankhira kabati yachitsulo pamenepo, nakhala pansi msana uli pakabati, mapazi atatsamira mwendo wa thebulo. Mkuluyo anayang'ana kabati, nayang'ana mayiyo, napukuta mkono ndi thonje. Singano inalowa. Kapaipi kanafiira, thumba linayamba kugwedezeka pasikelo.

"Finyani kampira, mayi. Pang'onopang'ono."

Chitseko chinagunda.

"Tsegulani! Apolisi!"

"Muli odwala!" anakuwa Tsabola.

"Muli wopalamula. Tsegula, mtsikana iwe, usadzipalire makala."

"Palani nokha, muli ndi fosholo!"

"A labu! Mukubisa munthu wofunidwa ndi boma!"

Mkuluyo anayankha maso ali pathumba. "Ine sindikubisa munthu, bwana. Kwathu kuno singano ikalowa sitizula thumba lisanadzale. La theka silithandiza aliyense, timangotaya. Ndi lamulo lathu limenelo."

Kunja a Tcheya, pofuna kuti apolisi asakaike, anaika kanema uja, mawu mpaka kumapeto. Mawu a Mzime analowa pansi pa chitseko. Ndachimwa. Ndapha. Kenaka dzina la Azakhali, kawiri, ndi msewu umene ankakhala, ndi mtundu wa geti lawo.

Dzanja la Azakhali linasiya kufinya.

"Finyani, mayi."

Linayambanso.

"Ndine ndinamukakamiza," anatero Tsabola. "Anakana. Ndinamuuza kuti mwathawa."

"Mawu ake afooka bwanji," anatero Azakhali, akuyang'ana kudenga. Patapita kanthawi anatembenuza mutu. "Iwe ndi bambo ako mutu ndi umodzi. Mukaganiza chinthu simufunsa munthu. Ukanandilola ndimalize mawu anga pafoni paja, bwenzi thumbali litadzala kalekale, mwana osatsegula pakamwa."

Tsabola anakankha kabati ndi msana. Chitseko chinkadumpha, mahinjesi akulira. Fumbi la kukhoma linkagwera m'tsitsi lake. Thumba linkadzala mwaulesi ngati likudziwa kuti likudikiridwa.

"Makasitomala anga," anatero Azakhali. "M'nyumba muli masuti a anthu, ena osasita. Ukawabwezere. Asadzati ndinaba."

"Ndikabweza."

"Ya mizeremizere ndi ya mphunzitsi. Ali ndi ukwati Loweruka."

Sikelo inalira. Mkulu wa ku labu anatsina kapaipi, nazula singano, namata pulasitala. Thumbalo analinyamula ndi manja awiri n'kulitsekera m'chipinda chamkati. Atatero anati, "Tsegulani tsopano, chemwali, asanandithyolere chitseko."

Analowa apolisi awiri, wamkulu wamimba ndi wamng'ono wa thukuta. Wamkuluyo anayamba ndi Tsabola, khofi limodzi lomwe linamugwetsera pakabati.

"Uyo musiyeni," anatero a Tcheya ali pakhomo. "Ndi wamisala, tinamuzolowera. Munthu wanu ndi uyo."

"Akhale kaye pansi pang'ono," anatero mkulu wa ku labu. "Angochotsedwa magazi, achita chizungulire."

"Akakhala kupolisi. Mipando iliko."

Unyolo unatsekera mkono womwewo wa pulasitala. Mkulu wa ku labu anatulutsa botolo la chakumwa chozizira limene amapatsa aliyense wopereka magazi, nalitambasulira Azakhali. Wapolisi wamimbayo analilandira, nalitsegula ndi mano, namwa theka, n'kupatsira mnzake.

Azakhali anayenda pakhonde lija akudzandira, anthu a pamabenchi akukweza mafoni. Podutsa pa mlongo wawo sanayang'ane kumbali. Kajumbo ka zovala kanatsala pabedi.

Magazi anayenera kuyezedwa kaye matenda, ndipo anafika kuwodi dzuwa litapendeka. Nesi wamkulu anakoloweka thumba pachitsulo, nalumikiza kapaipi, nagogoda ndi chikhadabo mpaka madontho anayamba. "Muli ndi mwayi," anatero. "Anzanu amapita ali pamzere." Amayi anali atatumidwa kunyumba kukaphikira alendo a komiti.

Tsabola anakhala pampando wapulasitiki, tsaya litatupa, akuyang'ana madontho. Foni yake inkanjenjemera m'thumba mosaleka. Anaiyang'ana kamodzi. Anzake a pamsewu, makasitomala, anthu amene anawakonzera foni kamodzi chaka chatha, onse ankamutumizira kanema wake yemwe, ena n'kufunsa kuti kodi si mng'ono wako uyu. Wina anali ataikamo kale nyimbo yachisoni. Anaizimitsa.

Zionetsero zinadutsa mumsewu wa kuseri kwa mpanda. Kunayamba mawezulo ndi nyimbo, kenaka lole ya sitolo ya matailosi, zokuzira mawu zili pamwamba. Mawindo a wodi ananjenjemera. A Tcheya ankalankhula, mawu awo atasasa ndi chisoni. Anati mliriwu walowa ngakhale m'nyumba mwawo. Anati sanabise mwana wawo, sanabisenso mlongo wawo wa bere limodzi. Anati pamene akulankhula pano, magazi a m'banja lawo akutsikira mumtsempha wa mwanayo, pakuti chilungamo chimayenda ndi chifundo. Khamu linakuwa. Kenaka anaika mawu a Mzime pazokuzira mawu, ndipo wodi yonse inamvanso zimene inamva m'mawa. Chapatali gulu lina, la ofuna kuti lamulo lisinthe, la zikwangwani zina, linkayankha ndi nyimbo yake, ndipo nalonso linkatchula mtsikana wa m'chipatala.

Phokosolo ndi limene linamudzutsa Mzime. Milomo yake inali itayamba kubwerera mtundu. Anayang'ana thumba, natsatira kapaipi ndi maso mpaka pamkono pake.

"Apereka," anatero. "Achemwali, Ababa apereka."

Tsabola anamuwongolera bulangete.

"Ndimaganiza kuti akundinamiza. Akutentha, mukudziwa? Ndikuwamva akukwera mumkono." Anamwetulira pang'ono. "Ndiye kuti andikhululukira. Mundibwereke foni ndiwaimbire Azakhali, ndiwauze ndekha zimene ndanena. Afika kutali?"

Bodza linali pafupi, losavuta, lofewa. Tsabola akanatha kunena kuti afika, kulibe netiweki, ugone. Koma tsiku lonse anthu anali akumuikira mwanayu mawu m'kamwa ndi mabodza m'khutu, iye mwini ali patsogolo. Ndipo panja paja bambo ake ankaomberedwa m'manja chifukwa cha thumba la munthu wina. Chimenecho chinamukanika kumeza.

"Si a Ababa."

"Mwati?"

"Ababa anapereka sabata yatha kutchalitchi. Ankadziwa kuti awakana. Awa ndi a Azakhali. Sanathawe, anabwera. Apolisi awatengera ku labu komweko."

Mzime anayang'ananso thumba lija, limene linali litatsika theka.

"Munati ali m'basi."

"Ndinkayesa ali m'basi."

"Munati dzina si munthu."

Dzanja lamanzere la Mzime linanyamuka pabulangete n'kupita pa pulasitala ya singano. Tsabola analigwira lisanafike. Mzime anayesa kukoka mkono winawo, ndipo Tsabola anaugwiranso, pamalo pomwe paja anafinya m'mawa, nautsindikira pamatiresi.

"Ndisiyeni."

"Ayi."

"Sindiwafuna. Azakhali ndawagulitsa. Ndisiyeni, achemwali!"

"Alowa onse. Ukatero udzandide mpaka kukalamba."

Mzime analimbana naye ndi timphamvu timene magaziwo anali atangomupatsa. Anamulavulira kumaso. Anamutchula mawu amene Tsabola sankadziwa kuti mng'ono wake amawadziwa. Mayi wa bedi loyandikana anadzuka, nabwera akukoka chitsulo cha dripi yake, nakhala pamiyendo ya mtsikanayo.

Panja lole inali itakhota, nyimbo zikuchepa. Tsabola sanapukute malovu aja, poti manja onse awiri anali ndi ntchito. Anagwira mikonoyo, maso ali pathumba, mpaka linaphwa n'kumamatirana lokha.